Matenda a Lontiya Anali pa Chulu

Chizindikiro choyamba chinali chala. Mwezi wa Meyi, tili m'munda wa thonje kuno ku Nsefu, mdzukulu wanga Lontiya anayamba kutola ndi dzanja lamanzere. Ndinamuyang'ana, ndinamuyang'ananso. Mwana wa kumanja chibadwire, lero akutola ndi kumanzere? Nditagwira dzanja lake ndinapeza chala chachikulu chatupa pamfundo, chikutentha ngati mbatata ya paphulusa. Iye anati chalasidwa ndi khoko la thonje, poti likauma limabaya ngati munga. Ine ndinakhulupirira. Ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinamuviika chala masiku atatu, uku ndikuimba.

Ndine ambuya ake a Lontiya, mayi wobala amake. Ife tinatsika kuchokera ku Katete kalekale kudzalima m'chigwa muno. Kulemba ndakuphunzira imvi zili kale mbuu, pa sukulu ya akuluakulu ya kumpingo. A Sisita a ku kiliniki ndiwo anandipempha kuti ndilembe izi, aziwerengera makolo ena. Ndiye ndalemba mwezi ndi mwezi, monga zinachitikira, ndipo zolakwa zanga sindinazibise.

Ine sukulu ndinalekezera giledi thuu. Mwana wanga Joyisi analekezera giledi seveni, mimba ya Lontiya yemweyu itaoneka. Lontiya ndiye anafika giledi naini, ali ndi zaka sikisitini, mayeso a boma akumudikira mu Novembala. Pamtundu pathu panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pa desiki ya mayeso amenewo. Ine sindinkapempha Mulungu zambiri, ayi. Ndinkapempha chimodzi: mwana uyu alowe m'chipinda cha mayeso, bolopeni ili m'manja.

Foni inabwera ndi amake. Joyisi amachapa zovala pa loji ina ku Chinzombo, ndipo kuno amabwera kamodzi pamwezi. Pa Khisimasi anafika ndi foni yagalasi imene mlendo wina anamusiyira. Anati, "Amayi, iyi ndi ya maphunziro. Mafunso a mayeso akale onse ali momwemo. Mabandulo ndizimutumizira." Ine ndinavina pabwalo fumbi koboo! Ndipo ndine ndemwe, ndi miyendo yangayi, amene ndinkaimanga pansonga ya chitenje kukaitchajitsa ku golosale kumene kuli sola. Ku msonkhano wa amayi ndinkadzitama. Ndinkati, "Ana anu ali ku msika, ana anu ali ku mavidiyo, wanga ali phee pakhonde, mutu pansi, akuwerenga." Ine ndikuimba, mwana akumira.

Mu Juni chala chinaphwa n'kutupanso. Kenaka mutu. Maso psuu ngati wasuta chamba. Khosi louma, akamatembenuka ankatembenuka thupi lonse. Chakudya ankangolawa, n'kusamba m'manja. Loweruka ankagona dzuwa lili pamutu, chifukwa usiku tulo sankatiwona. Kwaya anasiya. Netibo anasiya. Anzake akabwera kudzamutenga kuti akatunge madzi, ankati ndiwauze kuti kulibe. Ndikamuitana kawiri, ankandiyankha ndi tsonyo. Ndinapita naye kwa wazaumoyo wa m'mudzi kukayezetsa malungo. Analibe. Patapita masabata awiri tinayezetsanso. Analibe. Anatipatsa panado, tinabwerera. Mtima wanga unayamba kuyendayenda ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Ndikakhala pansi ndifuna kuima, ndikaima ndifuna kukhala.

Mu Julayi, teremu ili pafupi kutha, aphunzitsi ake anaima ndi njinga pakhomo panga. Tinapatsana moni, mwaswera bwanji, taswera, ndipo anakana mpando. Anati a hedi awatuma kudzafunsa ngati Lontiya wasiya sukulu, chifukwa teremu yonseyi nkhope yake aiona masiku owerengeka. Anati zikapitirira chonchi, mayeso a Novembala adzangomudutsa. Ine ndinati, "Aphunzitsi, mwasokera khomo. Wanga amanyamuka sikisi awazi tsiku lililonse, yunifomu nditasita ndekha." Iwo anapukusa mutu n'kukwera njinga yawo.

Tsono mtsikana wovala yunifomu, ngati safika ku sukulu, amafika kuti? Ine yankho ndinkadziwa limodzi lokha, chifukwa ndinaliona kale ndi amake. Kusadya, kugona masana, kukwiya, kumwetulira foni. Ndinawerenga zizindikiro zonse ndipo ndinati pali mwamuna, pali mimba. Sindinamufunse mwanayo. Ndinathamangira kwa aNatembo, mnzanga wa kumpingo amenenso ndi mlangizi wa atsikana m'mudzi muno. Mawa lake anabwera ndi mlangizi mnzawo. Anamulowetsa Lontiya m'nyumba, anatseka chitseko, anachita monga mwambo umanenera. Anamuvula bulauzi kumuona mabere, anamuyang'ana pakhosi, anamufunsa za kumwezi. Ine ndili panja ndinkangomva, "Tchula dzina, mwana iwe. Tchula dzina." Iye ankati, "Kulibe munthu." Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, "Tchula dzina," "Kulibe munthu." Anatuluka nkhope yotupa ndi kulira. Pofika madzulo nkhani inali itafika pa mjigo, ndipo atsikana anzake ankamuloza ndi milomo.

Ine ndinati mwamunayo amalankhula naye pa foni, ndiye ndinailanda n'kuikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga. Tsiku loyamba anangokhala duu. Tsiku lachiwiri ankazungulira bwalo ngati nkhuku yofuna kuikira, kulowa m'nyumba, kutuluka, kuvundukula mphasa, kugwedeza madengu. Tsiku lachitatu ndinamupeza ali m'nkhokwe, chimanga chili mbwee pansi. Ndinamugwira mkono. Anandikankha. Ndinagwera pa mtondo, chiuno ichi chinalira. Iye anaima, foni ili m'manja, anandiyang'ana ndili pansi. Ndinaona kuti akufuna kundidzutsa. Koma miyendo yake inasankha kwina, anathamanga nayo foniyo kulowera kumunda. Chiuno chinapola pa sabata imodzi. Kuthamanga kuja ndiko kunachedwa kupola.

Ndinatumiza mawu ku Chinzombo. Joyisi anapempha tchuthi, ndipo Lolemba loyamba la Ogasiti tinanyamuka atatu kupita ku kiliniki kukayezetsa mimba. Tinafika eyiti awazi, tinaponya khadi m'bokosi, tinakhala pansi pa mtengo. Linali tsiku la sikelo, ana akulira, amayi akukangana za mzere. Dzuwa linakwera. Ine ndinapita ku chimbudzi katatu popanda chondipititsa. Dzina lathu linaitanidwa cha m'ma leveni. Anamupatsa kabotolo, anayeza mkodzo, tinadikiranso. A Sisita anati, "Mimba palibe."

Ndinayenera kuimba nthungululu, koma sindinaimbe. Ngati si mimba, nanga n'chiyani chikudya mwanayu? A Sisita sanatithamangitse ngakhale mzere unali wautali. Anagwira dzanja la Lontiya, anasisita chala chija, anamuuza kuti atembenuze khosi. Kenaka anati ine ndi Joyisi tiyambe tatuluka. Anakhala naye nthawi yaitali, mpaka amayi a panja anayamba kung'ung'udza. Atatiitananso anati, "Ambuya, mwana wandilola kuti ndikuuzeni. Mwamuna palibe. Koma kudwala akudwala ndithu. Wagwidwa ndi masewera a pa foni."

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Kuseri kwa munda wathu wa thonje, kufupi ndi njira yotsikira ku mtsinje wa Lupande, kuli chulu chachitali. Pamenepo ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino. Mwana ankanyamuka ndi yunifomu, n'kukhotera ku chulu, n'kukhala pamwamba pake tizingwe tomvetsera foni tili m'makutu mpaka batire kutha. Masewerawo ndi a nkhondo. Amakhala anayi m'gulu, ena ali ku Lusaka, ena ku Kitwe, anthu amene sanawaonepo, akulankhulana ndi kuwombera adani pagalasi. Chala chija chinatupa ndi kudina galasilo, khosi linauma ndi kuwerama.

Ine ndinati, "Masewera? Ngati nsolo?"

A Sisita anaseka pang'ono. Anati, "Nsolo umatha, ambuya. Njala ikawawa anthu amabalalika. Awa anawapanga kuti asamathe."

Ndinati, "Chabwino, mubayeni jekeseni yake tizipita."

Anati, "Jekeseni yake kulibe. Mankhwala ake ndi kukambirana, ndi kusintha makhalidwe a pakhomo, ndipo amatenga miyezi. Mubwere Lachinayi ku ngodya ya achinyamata. Kumabwera a dokotala a za maganizo ochokera ku boma."

Miyezi! Ndinawerenga pa zala. Ogasiti, Seputembala, Okutobala. Novembala anali ataima pakhomo.

Ngodya ya achinyamata ndi kachipinda kakang'ono kuseri kwa kolandirira mankhwala. Lachinayi loyamba tinadikira kuyambira naini mpaka fotini awazi, dzuwa litayamba kupendeka. A dokotala sanabwere, njinga yawo yamoto inafera panjira. Lontiya anati, "Mwaona? Palibe chimene chilipo apa. Tiyeni." Lachinayi lotsatira ndinachita kumunyengerera ngati mwana woyamwa, ndipo tinawapeza atafika, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

Anali bambo wofatsa, wolankhula motsitsa. Anayamba ndi mwana payekha, kenaka tonse. Anafunsa za tulo, za kudya, za mowa ndi fodya, anafunsanso ngati mwanayu anaganizapo zodzipweteka. Anati si mwana aliyense wosewera pa foni amene akudwala, ndipo tisamaope foni ngati njoka. Anati iwo amayang'ana zinthu zitatu. Kodi munthu akafuna kusiya amalephera? Kodi masewera akankhira pambali chakudya, sukulu ndi anzake? Kodi akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka? Lontiya anavomera zonse zitatu ndi mutu.

Kenaka anamufunsa funso limene ine sindinaliganizepo. Anati, "Kumeneko umapezako chiyani chimene kuno kulibe?"

Mwana anati, "Kumeneko ndine mtsogoleri. Ndikati tiyeni kumanzere, onse amapita kumanzere. Ku sukulu ndikaimirira kuwerenga Chizungu amaseka."

Zaka sikisitini ndikumusambitsa, ndikumuluka tsitsi, koma ichi sindinkachidziwa.

A dokotala anatembenukira kwa ine. Anati kulanda foni mwadzidzidzi ndi kuibisa sikuchiza, kumangoyatsa moto. Anati manyazi nawonso sachiza, ndipo za alangizi zija zinasiya bala limene mwini wake woliyambitsa ayenera kulitsuka. Sananditukwane, koma ndinamva. Pobwerera, tili panjira, ndinamuitana monga timaitanirana ambuya ndi mdzukulu tikamasereulana. Ndinati, "Mkazi mnzanga, ndinakulakwira." Iye sanaseke. Anati, "Munandivulitsa pamaso pa anthu, Ambuya." Pa msonkhano wa amayi wotsatira ndinaimirira. Ndinati, "Anzanga, ndinakunamizani kawiri. Ndinati mdzukulu wanga akuwerenga, sankawerenga. Ndinati ali ndi pakati, alibe. Mwana akudwala matenda a masewera a pa foni ndipo ali pa chithandizo. Amene anatenga nkhani yoyamba kupita nayo pa mjigo, atengenso iyi." ANatembo anabwera okha kunyumba kudzapepesa mwana, atanyamula mazira anayi.

Pangano limene tinapanga ndi a dokotala linali ili, ndipo Lontiya anaikapo mawu ake. Sukulu ikatsegulira, apite tsiku lililonse. Kudya tidyere pamodzi, foni ili kutali. Pogona, foni igone m'dengu kumutu kwanga. Lachinayi masana akakhale ndi achinyamata anzake ku kiliniki, ena ovutika ndi mowa, ena ndi njuga ya pa foni. Masewera asathe, koma atsike pang'onopang'ono mpaka ola limodzi patsiku, ntchito ya kusukulu itatha.

Ola limodzi! Ine wotchi sindiidziwa, ndipo wotchi ya pakhomo pathu ili m'foni momwemo. Mbuzi ingalondere chimanga? Joyisi ndiye anapeza nzeru. Tinakwera chulu chija atatu, tinazika nsungwi pamwamba. Iye anayang'ana nthawi pa kafoni kake. Itakwana sikisitini awazi, chakumadzulo, anaika mwala pamene mthunzi wa nsungwi unathera. Itakwana seventini anaika mwala wina. Mthunzi ukakhudza mwala woyamba, masewera ayambe. Ukakhudza wachiwiri, athe. Mwezi uliwonse akabwera ankaikonza miyalayo, poti dzuwa nalo limasuntha. Ndiye tsiku ndi tsiku nkhalamba ine ndinkakwera chulu ndi lichero la mtedza, kumasenda, diso limodzi pa mthunzi, diso lina kutchire kuopa njovu.

Sizinayende myaa, ndisakunamizeni. Sabata yachiwiri ndinaona mwala wachiwiri uli patali kuposa dzulo.

Ndinati, "Mkazi mnzanga, mwala uwu wamera miyendo?"

Anati, "Ndi chiswe, Ambuya. Chiswe cha pano n'champhamvu."

Ndinati, "Chiswe chovala nsapato za sofiya saizi faifi?"

Anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka kwake chichokere Juni. Koma masiku ena kunalibe kuseka. Mthunzi ukafika iye ali pakati pa nkhondo, ankakuwa, "Mphindi ziwiri zokha! Mukundiwonongera!" Ine ndinkangoyamba nyimbo ya kumpingo mokweza, vesi ndi vesi, mpaka anzake a m'foni aja ayambe kufunsa kuti kuli maliro kapena. Chakumapeto kwa Ogasiti anzakewo anamuchotsa pa utsogoleri, anati munthu wa ola limodzi sangatsogolere gulu. Analira masiku awiri ngati waferedwa. Ine ndinafuna kunena kuti anthu osawaona ungawalire bwanji, koma a dokotala anali atandichenjeza kuti chisoni chimenecho n'chenicheni. Ndinangomuphikira phala la mtedza n'kukhala naye.

Sukulu inatsegulira mu Seputembala. Tsiku loyamba ndinamuperekeza mpaka pa ofesi ya a hedi, kalata ya a Sisita ili m'manja. Anamulandira. Aphunzitsi aja a njinga anavomera kumuthandiza masana pa zimene zinamudutsa. Mutu unayamba kuchepa, tulo tinabwerera, mbale inayamba kutsala yoyera. Ine ndinayambanso kuimba, koma motsitsa, ndikuyang'ana kumbuyo.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake lophika munthu wamoyo. Lachiwiri lina ndinapita ku maliro kumudzi wina, foni ndinaisiya m'dengu. Lontiya anathawa ku sukulu nthawi yopuma, anatenga foni, anakwera chulu. Mwezi umenewo njovu zimadutsa masana kutsikira kumadzi. Anthu a m'madimba anayamba kumenya zitini ndi kukuwa. Iye tizingwe tili m'makutu, samva kanthu. ANatembo anali m'dimba mwawo ndipo anaona zonse. Njovu yaikazi ndi kamwana kake zinadutsa m'munsi mwa chulu, pafupi poti munthu akhoza kuponya chitsononkho n'kuigenda. Inaima, inakweza chitamba, inanunkhiza. ANatembo sakanakuwa, kuopa kuiputa. Anangogwada m'matope. Njovu inapukusa makutu, inakankha kamwana kake, inapita.

ANatembo anakwera chulu ndi mawondo, anazula tizingwe tija m'makutu mwa mwana. Mawu oyamba a Lontiya anali akuti, "Aa, ndinatsala pang'ono kuwina!" ANatembo anangomugwira mutu n'kumuyang'anitsa pansi. Mapazi a njovu anali pamenepo, aakulu ngati lichero, ndowe ikufuka nthunzi.

Nditabwera ku maliro ndinamupeza pakhonde, foni ili patsogolo pake pansi, iye manja ali pakati pa miyendo. Ndinali nditamva kale panjira. Magazi anali akuwira, ndinkafuna kukuwa, ndinkafuna kumukumbatira, ndinkafuna kuiponya m'chimbudzi foniyo. Ndisanatsegule pakamwa iye anati, "Ambuya, si njovu imene yandiopsa. Ndi zimene ndinanena. Lachinayi lili kutali. Tipite mawa."

Tinapita Lachitatu. A dokotala kunalibe, silinali tsiku lawo, koma a Sisita anawaimbira foni, ndipo analankhula ndi mwana nthawi yaitali. Kwa ine anati, "Ambuya, kuterereka n'gawo la ulendo umenewu. Simunabwerere poyambira. Chachikulu n'chakuti lero wabwera yekha." Lontiya anapempha kuti masewerawo achotsedwe m'foni mpaka mayeso atatha. Anawachotsa ndi dzanja lake, a Sisita akuona. Masiku anayi otsatira anali oipa. Kukwiya, kusowa tulo, kuyendayenda pabwalo. Ola lija la sikisitini likafika sankadziwa poika manja.

Tsiku lachisanu ndinamuuza kuti atenge buku la Chizungu. Ndinati, "Ndiwerengere mokweza. Ine sindingakuseke, Chizungu sindichimva. Ngakhale utukwane ndizingoti ameni." Anawerenga pansi pa mtengo wa mango, mawu akugwa n'kudzuka, ine ndikuwomba m'manja pamene pafunika ndi pamene sipafunika. Mawa lake anawerenganso. Patapita sabata anabwera ndi mnzake wa m'gulu la Lachinayi, anayamba kufunsana mafunso a mayeso akale, amene analidi m'foni muja monga Joyisi ananenera.

Novembala analowa ndi mabingu. M'mawa wa pepala loyamba ndinadzuka kusanache ngati wolemba ndine. Ndinamuperekeza. Panjira ndinkangoyang'ana pa mphambano yokhotera ku chulu. Mwana anadutsa osatembenuka. Pa geti anati, "Ambuya, bwererani, mudzandichititsa manyazi." Ndinati, "Pita, mkazi mnzanga, ine ndikungopuma." Ndinakhala kunja kwa mpanda. Ndinaona aphunzitsi akuitana mayina, ana akulowa mmodzimmodzi. Ndinamva dzina lake. Ndinaona msana wake ukulowa pakhomo, bolopeni ziwiri zili m'manja, chitseko n'kutsekeka. Amayi inu, ndinaluma chitenje kuti nthungululu isatuluke n'kusokoneza ana a eni! Ndinavina chamumtima, mapazi okha akusuntha pafumbi. Mapepala onse ndinakhala pamalo omwewo, mvula inandinyowetsa kawiri, ndipo mwana sanajombe ndi limodzi lomwe.

Zotsatira zitatuluka mu Janyuwale, Joyisi ndiye anaziona pa foni ali ku Chinzombo, n'kuimba akulira mpaka ndinaganiza kuti kwagwa zovuta. Mwana anakhoza. Sanakhoze pamwamba, masamu anamugwetsa pang'ono, miyezi yotayika ija sinabwerere yonse. Koma malo a giledi teni anawapeza. Tsiku limenelo chitenje sindinalume. Nthungululu inatuluka yonse, ya Novembala ndi ya Janyuwale pamodzi, nkhuku zinabalalika, aNatembo anathamanga mpango uli m'manja. Ndinaimba, ndinaimba, wakhoza wanga, wakhoza wa Joyisi, wakhoza wa pa chulu! Lontiya anabisa nkhope kuseri kwa chitseko, koma mapewa ankagwedezeka ndi kuseka.

Lero ali giledi teni. Mutu unasiya, khosi limatembenuka, amadya mpaka kupempha zina. Anabwerera ku netibo. Ku kwaya anakana, akuti mawu anga akwanira banja lonse. Mu Febuluwale anagwirizana ndi a dokotala kuti masewera abwerere Loweruka lokha, ine ndili pambali. Masabata ena timakanganabe, ndipo kamodzi ndinapeza dengu la kumutu kwanga lili lopanda kanthu m'mawa. Tinakanena Lachinayi, tinakonza. Ku kiliniki timapita kamodzi pamwezi. A dokotala akuti sitinganene kuti zatheratu, koma mwana tsopano amadziwa yekha pamene phazi layamba kuterereka, ndipo amanena.

Tsono inu makolo anzanga, inu ambuya anzanga olera adzukulu, mverani. Mwana wokhala phee si nthawi zonse ali bwino. Mukaona tulo tasokonekera, chakudya chikutsala, anzake sakuwafunanso, mukaona kuti kumusiyanitsa ndi foni kukumusandutsa munthu wina, musadikire miyezi itatu monga ndinachitira ine. Pitani ku sukulu mukafunse ngati amafika. Mufunseni mwanayo mofatsa, muli awiri, musanaitane anthu. Musamumenye, musamuchititse manyazi, foni musaiphwanye. Pitani naye ku kiliniki msanga, mukafunse ngodya ya achinyamata. Mukapeza a dokotala sanabwere, bwereraninso sabata yotsatira, musataye mtima.

Nyamulani madzi akumwa ndi kachakudya, chifukwa kudikira kulipo. Kuseri kwa kolandirira mankhwala kuli benchi yaitali. Mukaona nkhalamba itakhala kumapeto kwake ikuimba yokha, musachite manyazi, bwerani pafupi. Ndine, ndipo ndikusunthirani.